Mafunso ndi mayankho: milalang'amba yakutali imene imalilima ndi cheza cha gamma m'mphindi zochepa

Tsamba lino talembera aphunzitsi a sayansi, ophunzira a kusekondale ndi onse okonda zakuthambo kuno ku Salima ndi ku Nkhotakota. Nkhani yake ndi ya milalang'amba ina yakutali zedi, yotchedwa ma blazar, imene kuwala kwake kumalilima mwadzidzidzi ngati moto wothiridwa palafini, kenako n'kuzilala, nthawi zina mphindi 5 zisanakwane. Kufulumira kumeneku ndiye kwaimitsa mitu akatswiri, ndipo mafunso ambiri pansipa akuzungulira pomwepo.

Kodi cheza cha gamma n'chiyani?

Ndi kuwala ndithu, mtundu umodzi ndi kwa dzuwa kapena kwa tochi. Kusiyana kwake n'kwakuti kachidutswa kalikonse ka kuwalako, kamene asayansi amakatchula photon, kamanyamula mphamvu zochuluka kwambiri. Mphamvuzi amaziyeza mu eV. Photon ya kuwala kumene maso athu amaona imakhala ndi ma eV 2 kapena 3. Ya X-ray ya kuchipatala imakhala ndi masauzande makumi angapo. Gamma imayambira cha pa ma eV 100,000, ndipo imene tikukamba pano ndi ya mu GeV, kutanthauza ma eV 1 biliyoni, mpaka mu TeV, amene ndi ma GeV 1,000.

Nanga blazar n'chiyani, ndipo imasiyana bwanji ndi mlalang'amba wamba?

Pakatikati pa mlalang'amba waukulu pafupifupi uliwonse pali black hole, malo amene mphamvu yokoka ndi yaikulu moti ngakhale kuwala sikungathaweko. Ya mumlalang'amba wathu imalemera ngati madzuwa 4 miliyoni ndipo ili phee, chifukwa ikusowa chomeza. Ya mumlalang'amba wa M87, imene chithunzi chake chinatuluka pa 10 Epulo 2019, imalemera ngati madzuwa 6.5 biliyoni.

Mpweya wambiri ukamagwera ku black hole, suloweramo mwachindunji. Umazungulira kaye ngati madzi a pafanulo, n'kutentha mpaka pakatipo kuwala kuposa nyenyezi zonse za mumlalang'ambawo kuziphatikiza. Mwa milalang'amba yoyaka pakati chonchi, pafupifupi umodzi pa 10 uliwonse umafwemphula ma jet awiri, ina uku ina uko. Jet ndi mtsinje wopyapyala wa tizidutswa tamagetsi ndi mphamvu ya maginito, wothamanga pafupifupi pa liwiro la kuwala.

Nyali za asodzi a usipa mumaziona kuchokera paliponse pagombe, poti zimawalira mbali zonse. Tochi si choncho: ikaloza kumbali simuiona kwenikweni, koma ikakulozani kumaso imakuthobwani. Blazar ndi mlalang'amba umene jet yake yaloza kuno, kapena yaphonya ndi madigiri ochepa chabe. Dzinali linachokera kwa Edward Spiegel mu 1978, pophatikiza maina a BL Lacertae ndi quasar (mlalang'amba wakutali woyaka kwambiri pakati). BL Lacertae imeneyo anaipeza ndi Cuno Hoffmeister mu 1929, ndipo kwa zaka pafupifupi 40 anthu ankangoiyesa nyenyezi yosinthasintha ya mumlalang'amba wathu womwe uno.

Mukati zimalilima mofulumira, mukunena nthawi yaitali bwanji?

Zimatengera. Kulilima kwina kumatha miyezi, kwina masiku. Mu Novembala 2010 blazar ya 3C 454.3, imene kuwala kwake kwayenda zaka pafupifupi 7 biliyoni, inawala kwa masiku angapo kuwirikiza kasanu kuposa Vela, chotsalira cha nyenyezi yakufa ya mumlalang'amba wathu, imene masiku wamba ndiyo imaposa zinthu zonse zakuthambo pa cheza cha GeV.

Koma kumene kumasowetsa anthu tulo ndi kwa mphindi. Mu 1996 telesikopu ya Whipple ku Arizona inaona Markarian 421 ikuwirikiza kuwala kwake m'mphindi 15. Mu Julayi 2005 telesikopu ya MAGIC ku La Palma inaona Markarian 501 ikuchita zomwezo m'mphindi ziwiri. Usiku wa pa 28 Julayi 2006 matelesikopu a H.E.S.S. ku Namibia anagwira PKS 2155-304 ikukwera ndi kutsika kasanu m'kati mwa ola limodzi ndi theka, kusintha kwina kukuchitika m'masekondi pafupifupi 200. Pachimake inawala kuwirikiza ka 15 kuposa Crab Nebula, mtambo wotsalira wa nyenyezi imene inaphulika, umene ndi mlingo wa akatswiri a gamma. Ndipo pa 16 Juni 2015 setilaiti ya Fermi inaona 3C 279 ikuwirikiza mphindi 5 zisanathe. Kuwala kwa 3C 279 kunanyamuka zaka zoposa 5 biliyoni zapitazo, dziko lathu lisanakhalepo, komabe kunafika kuno kutasunga kuphethira kwa mphindi zochepa kuja.

N'chifukwa chiyani kufulumirako kuli nkhani yaikulu chonchi?

Chifukwa nthawi ndiye chingwe chokha choyezera chimene tili nacho. Malo amene gamma imachokera ndi aang'ono komanso akutali moti palibe telesikopu ya gamma imene ingawajambule. Timangodalira wotchi.

Taganizirani mvula ikamabwera kuchokera kunyanja mu Januwale. Mphezi imang'anima kamodzi, koma bingu limagunda kwa masekondi angapo. Phokoso limayenda kilomita imodzi pa masekondi 3. Ngati nsonga yakutali ya mpheziyo yatalikira makilomita 3 kuposa yapafupi, phokoso la kunsongako lifika mochedwa ndi masekondi 9. Ndiye kuti mphezi yaitali singatulutse bingu lachidule. Mukamva "phaa!" kamodzi n'kutha, dziwani kuti chimene chaphulikacho n'chaching'ono.

Kuwala nakonso n'chimodzimodzi, kungoti kumayenda makilomita 300,000 pa sekondi. Chinthu chimene kuwala kumatenga ola kuti kuchidutse sichingaoneke chikuyaka ndi kuzima m'mphindi imodzi, ngakhale chitayaka chonse nthawi imodzi, popeza kuwala kwa kumbuyo kwake kudzafika mochedwa ndi ola.

Tiyeni tiwerengere PKS 2155-304. Masekondi 200 kuchulukitsa ndi 300,000 ndi makilomita 60 miliyoni. Timagawa ndi 1.116 chifukwa kufutukuka kwa chilengedwe kunatalikitsa nthawiyo panjira, ndiye patsala makilomita pafupifupi 54 miliyoni. Mtunda umenewu sufika ngakhale theka la mtunda wochoka pano kufika padzuwa, umene ndi makilomita 150 miliyoni.

Tsopano black hole yake. Pa kulemera kwa dzuwa limodzi, kuchoka pakati kufika m'mphepete mwa black hole ndi makilomita 3. Ya PKS 2155-304 akuiyerekeza kuti imalemera ngati madzuwa 1 biliyoni kapena 2 biliyoni. Tikatenga 1 biliyoni, ndiye makilomita 3 biliyoni, mtunda umene kuwala kumatenga maola pafupifupi 3 kuti kuuyende. Taonani tsono: injini yoyendetsa jet ndi ya maola 3, koma chimene chinalilima ndi cha mphindi 3. Mwana wachepa kuwirikiza kopitirira 50 poyerekeza ndi chomubereka, komabe kwa kanthawi akuoneka wowala kuposa mlalang'amba wonse.

Paja munati jet yaloza kuno. Kodi zimenezo sizikuthetsa vutoli?

Zimathandiza kwambiri, koma sizilithetsa lonse.

Jet imathamangira kumbuyo kwa kuwala kwake komwe, ngati galu wotsata kalulu amene amangotsala pang'ono kumugwira. Tinene kuti chibulumwa cha mu jet chikubwera kuno pa 99.5 peresenti ya liwiro la kuwala. Chang'anima kamodzi, ndipo patatha mphindi 200 chang'animanso. Pa nthawiyo kuwala koyamba kwachisiya ndi mtunda wa mphindi imodzi yokha. Ife kuno tiona kung'anima kuwiriko kutatalikirana mphindi imodzi. Pa liwiro limeneli wotchi ya chibulumwacho imayenda pang'onopang'ono ka 10, malinga ndi zimene Einstein anapeza, choncho 200 kugawa ndi 10 tipeza 20. Nambala imeneyi ndiyo amaitcha Doppler factor.

Ntchito yake ndi itatu. Imafupikitsa nthawi imene tikuona, imakweza mphamvu ya photon iliyonse, ndiponso imawalitsa chibulumwacho modabwitsa: Doppler factor ya 10 ingachiwalitse mpaka ka 10,000. Koma imadalira kwambiri kumene jet yaloza. Pa liwiro lomweli, ikaloza ndendende ndi 20, ikaphonya ndi madigiri 6 yatsika kufika cha pa 10, ikaphonya ndi madigiri 30 yatsika kusafika pa 1, ndipo jet yomweyo imaoneka yozilala. N'chifukwa chake kupotoka pang'ono kwa jet kungaoneke kuno ngati kulilima, pamene kumeneko palibe chimene chaphulika.

Mpikisano womwewu wa jet ndi kuwala kwake ndi umene umachititsa zibulumwa zina kuoneka ngati zikuthamanga kuposa kuwala. Martin Rees ananeneratu zimenezi mu 1966, ndipo zinaoneka mu 3C 279 mu 1971. Palibe lamulo limene lathyoka, ndi mmene tikuonera chabe.

Ndiye vuto latsala pati?

Kuti malo olilima a PKS 2155-304 afanane kukula ndi black hole yake, Doppler factor iyenera kukhala 50 mpaka kupitirira 100. Koma akatswiri oyeza ma jet ndi matelesikopu a wailesi amapeza kuti m'ma blazar a TeV ngati amenewa zibulumwa zimayenda modekha, zambiri osafika n'komwe pa 10. Miyezo iwiriyi sikugwirizana.

Palinso vuto la potulukira. Photon ya gamma ikawombana ndi photon ina yamphamvu yokwanira, zonse ziwiri zimatha n'kusanduka elekitironi ndi positironi (mnzake wa elekitironi wa magetsi otsutsana). Malo akakhala aang'ono ndi odzaza kuwala, gamma imadyedwa isanatuluke. Pa 17 Juni 2010 MAGIC inaona PKS 1222+21 ikuwirikiza m'mphindi 10, ndi ma photon ofika ma GeV 400. Pafupi ndi black hole ya mtundu umenewo pali mitambo ya mpweya yowala kwambiri imene ikanameza ma photon otere. Choncho anachokera kutali, kunja kwa mitamboyo, kumene jet yatambasuka kale kwambiri. Kanthu kakang'ono chonchi kakutani pamalo otakasuka chotero?

Mayankho amene akuyesedwa alipo angapo. Ambiri akukhulupirira za kuduka ndi kulumikizananso kwa mizere ya maginito. Mizere yoyang'ana mbali zosiyana ikapanikizana imaduka ngati mphira wa legeni, n'kuponya tizibulumwa ting'onoting'ono mothamanga m'kati mwa jet imene ikuthamanga kale. Liwiro ziwirizi zikaphatikizana, kachibulumwa kamene kaloza kuno kangafike pa 100 pamene jet yonse ili pa 10. Ife tikuona kuti yankho limeneli ndi lolimba kuposa ena, chifukwa likufotokoza miyezo yonse iwiri popanda kutaya umodzi, komanso kuduka kwa maginito kumeneku timakuona padzuwa lathu. Ena amati ndi chipwirikiti cha m'kati mwa jet, ena amati ndi nyenyezi kapena mtambo umene walowa mumtsinjewo.

Mlalang'amba wa IC 310 ndiwo umakana kulowa m'khola limeneli. Mu Novembala 2012 unawirikiza m'mphindi zosakwana 5, chikhalirecho jet yake yaphonya ndi madigiri 10 mpaka 20, moti Doppler factor singakhale yaikulu. Amene anauona anapereka ganizo loti pafupi penipeni ndi black hole pamatseguka mpata wamagetsi amphamvu umene umathothoka ngati mphezi. N'kutheka kuti kulilima konse sikuchokera kumodzi.

Kodi gamma imeneyi imapangika bwanji mu jet?

Ma elekitironi othamanga akamakhota m'mphamvu ya maginito amatulutsa kuwala kuyambira kwa wailesi, kooneka ndi maso, mpaka X-ray. Ma elekitironi omwewo akagunda photon yofooka amaikankha n'kuisandutsa gamma. Ngati zili choncho, kuwala kooneka kapena X-ray kuyenera kulilima pamodzi ndi gamma, ndipo kawirikawiri zimaterodi. Koma mu Juni 2002 blazar ya 1ES 1959+650 inalilima mu TeV yokha, X-ray ili chete. Kulilima kotere amakutcha kwamasiye.

Ganizo lina ndi lakuti ma pulotoni nawonso ali m'ntchitoyi. Ngati ndi choncho payenera kutuluka ma neutrino, tizidutswa topepukitsitsa topanda magetsi timene timadutsa pafupifupi chilichonse. Pa 22 Sepitembala 2017 makina a IceCube, okwiriridwa m'madzi oundana ku South Pole, anagwira neutrino ya ma TeV pafupifupi 290 yochokera kumbali ya TXS 0506+056, blazar ya m'gulu la nyenyezi la Akamwiniatsatana, imene pa nthawiyo inali ikulilima. Ndi umboni wokopa, koma neutrino imodzi siitseka mlandu.

Amaziona ndi chiyani, popeza gamma sifika pansi?

Njira ndi ziwiri, ndipo iliyonse ili ndi chilema chake.

Yoyamba ndi setilaiti. Fermi inakwera pa 11 Juni 2008. M'kati mwake gamma imagunda timapepala ta tungsten n'kusanduka elekitironi ndi positironi, ndipo makina amatsata njira zawo kuti adziwe kumene yachokera. Fermi imasesa mbali yaikulu ya thambo maola 3 aliwonse, ndipo yapeza zinthu zoposa 7,000, gulu lalikulu mwa zodziwika likhala ma blazar. Chilema chake n'chakuti msampha wake sukwana sikweya mita imodzi. Blazar imene ikulilima bwino ingaipatse photon imodzi pa mphindi ziwiri kapena zitatu. Ndi ma photon owerengeka chonchi simungayeze kusintha kwa mphindi. Za 3C 279 mu 2015 zinatheka chifukwa inawala mopitirira muyeso, komanso oyendetsa setilaiti anaitembenuza kuti iyang'anitsitse pomwepo.

Yachiwiri imagwiritsa ntchito mpweya wadziko ngati msampha. Gamma ya TeV ikalowa mumpweya imayambitsa mvula ya tizidutswa imene imafika pachimake cha pa makilomita 10 m'mwamba. Tizidutswato timatulutsa kung'anima kwabuluu kwa Cherenkov, kosakwana gawo limodzi mwa magawo 100 miliyoni a sekondi, kumene kumagwa pansi pabwalo lotambalala mamita pafupifupi 250. Ndi ngati mabwalo a mpira 7. Telesikopu ikakhala paliponse m'bwalolo imakugwira. H.E.S.S., imene ili pamapiri a Khomas pamtunda wa mamita 1,800, ili ndi matelesikopu anayi a mamita 12 ndi ina ya mamita 28 imene inawonjezedwa mu 2012. Chilema chake: imaona kachigawo ka madigiri 5 okha, imafuna usiku wamdima wopanda mitambo, pafupifupi maola 1,000 pachaka, ndipo pa gamma imodzi pamakhala mazana kapena masauzande a kung'anima kwabodza kochokera ku ma cosmic ray (tizidutswa tamagetsi tothamanga tochokera kuthambo), kumene amakusefa poyang'ana maonekedwe a chithunzi.

N'chifukwa chake mbali ziwirizi zimadalirana. Fermi ikaona kuti kwinakwake kwayamba kufuka, uthenga umapita pa Astronomer's Telegram, tsamba la pa intaneti limene akatswiri amadziwitsiranapo zachangu, ndipo apansi amatembenukira komweko.

Kodi zimenezi ndi ma gamma-ray burst? Zingativulaze?

Ayi pa mafunso onse awiri. Gamma-ray burst ndi imfa ya nyenyezi yaikulu kapena kuwombana kwa nyenyezi ziwiri zakufa. Imachitika kamodzi, kwa masekondi kapena mphindi, basi. Blazar imalilima mobwerezabwereza pamalo amodzimodzi. Gamma ya blazar imafika kuno yochepetsetsa, ndipo yonse imathera m'mwamba mumpweya.

Kuno kunyanja tingaione blazar ndi maso athu?

Gamma ayi, koma kuwala kwake kooneka inde, ndi telesikopu. Yosavuta kuyambira ndi 3C 273 ya m'gulu la Virgo, imene Maarten Schmidt anazindikira mu 1963 kuti ili kutali zedi. Magnitude yake, muyezo wa kuwala umene nambala ikamakula chinthu n'chozilala, ndi pafupifupi 13, pamene maso paokha amalekera pa 6, kutanthauza kuti ndi yozilala kuwirikiza ka 600. Telesikopu ya galasi la masentimita 20 imaionetsa ngati kanyenyezi kamodzi pakati pa tinzake, moti popanda tchati simungaizindikire.

Malo athu ndi abwino. Salima ili pafupifupi madigiri 14 kumwera kwa equator, Nkhotakota 13. Kuchokera ku Salima 3C 273 imakwera kufika madigiri 74, 3C 279 madigiri 82, ndipo zonse ziwiri zimakhala pamwamba madzulo a mu Meyi ndi Juni, mvula itatha, utsi usanayambe. PKS 2155-304 imafikanso madigiri 74 chakumwera, pakati pa usiku mu Ogasiti. Markarian 421 imalekera pa madigiri 38 chakumpoto.

Tingayeze bwanji kusintha kwake, ndipo chimalakwika n'chiyani?

Pamafunika telesikopu yoyenda yokha motsata nyenyezi, kamera ya CCD kapena CMOS, fyuluta imodzi ya V kapena R, laputopu ndi batire la 12V, kuti magetsi akazima ntchito isaime. Tengani tchati cha AAVSO, bungwe la oyeza nyenyezi zosinthasintha, chosonyeza nyenyezi zoyerekezera. Jambulani zithunzi za masekondi 60 mpaka 120 motsatizana. Jambulaninso ma dark, telesikopu itavindikiridwa, kwa nthawi yofanana, ndi ma flat pathambo lachisisira; zithunzi zimenezi n'zochotsera zilema za kamera ndi telesikopu. Pulogalamu yaulere ya AstroImageJ idzakuyezerani blazar poiyerekeza ndi nyenyezi zapachithunzi chomwecho.

Nthawi zonse sankhani nyenyezi ina yosasintha n'kuiyeza ngati kuti ndiyo blazar. Ikamakweranso ndi kutsika, vuto lili kwa inu. Kuno chimene chimanamiza kwambiri ndi mame: chinyontho cha kunyanja chimakhala pagalasi pang'onopang'ono, makamaka kukamacha, ndipo chimaphimba mbali ina ya chithunzi kuposa inzake. Vekani telesikopu chipewa chachitali kutsogolo ndipo muziunika galasi ola lililonse. Mwera umagwedeza telesikopu, choncho imani kuseri kwa khoma. Utsi wa moto wa m'tchire mu Sepitembala ndi Okutobala umameza buluu kuposa kufiira, ndipo popeza blazar zambiri n'zabuluu kuposa nyenyezi zoyerekezera, ungakupangireni kuzilala kwabodza. Pa Markarian 421 ndi 501 samalani ndi kuwala kwa mlalang'amba weniweniwo: mpweya ukasokonezeka, kuchuluka kwake m'kabwalo kanu koyezera kumasintha.

Ndipo lembani nthawi mu UTC, kuchotsa maola awiri pa nthawi yathu. Muyezo wabwino wokhala ndi nthawi yolakwika ndi wotayika, popeza phindu lake lonse ndi kuuika pambali pa wa gamma n'kuona chimene chinayamba kukwera.

Nanga wopanda telesikopu angachitepo chiyani?

Zambiri. Zimene Fermi imayeza ndi zaulere. Pa intaneti pali Fermi LAT Light Curve Repository, pamene mungasankhe blazar n'kuona kuwala kwake kuyambira 2008, kogawidwa m'masiku 3, sabata kapena mwezi. Mphunzitsi angakopere manambala kamodzi, kalasi n'kujambula galafu papepala. Yambani ndi 3C 279, mufufuze tsiku la MJD 57189 (MJD ndi kawerengedwe ka masiku ka akatswiri a zakuthambo), limene ndi 16 Juni 2015.

Misampha ndi iyi. Muyezo uliwonse uli ndi nambala ya TS, yosonyeza kutsimikizika kwake. Ikafika 25 n'njodalirika, ikatsika kwambiri musamangirepo mfundo. Timivi toloza pansi si miyezo, tikungonena kuti kuwalako sikunapitirire pamenepo. Chaka chilichonse cha pa 8 Okutobala dzuwa limadutsa kutsogolo kwa 3C 279, ndipo dzuwa nalo limatulutsa gamma, choncho masiku amenewo achotseni.

Kumbukiraninso kuti kugawa m'masiku kumabisa zofulumira. Blazar itawala ka 10 kwa ola limodzi, m'gawo la maola 72 idzaoneka kuti yakwera ndi 12.5 peresenti yokha.

Msampha waukulu ndi maso. Munthu akaona nsonga zitatu zotalikirana mofanana amafulumira kunena kuti wapeza kalendala yake. Kuwala kwa blazar kumayendayenda mwachisawawa, ndipo kuyendayenda kotere kumapanga nsonga zooneka ngati zadongosolo. OJ 287 amaikhulupirira kuti imalilima pafupifupi zaka 12 zilizonse chifukwa pali zithunzi zake zoyambira m'zaka za m'ma 1880. PG 1553+113 imaonetsa zaka pafupifupi 2.2 pa zoyeza za Fermi, ndipo akatswiri akuwerengabe maulendo ake. Musanalengeze zanu, werengani kuti zabwereza kangati, ndipo ngati sizinafike kasanu kapena kasanu n'kamodzi, pitirizani kuyeza.